Mwana Woima Njo M'zithunzi za Esimi

Khalani pansi, ndipo amene ali ndi funso alisunge, chifukwa nkhaniyi ndikaiyamba sindibwereranso m'mbuyo.

Pa Thawale panali mai wina wojambula zithunzi, dzina lake Esimi. Kamera yake inali yakale, yachitsulo, yolowa filimu, ndipo anamusiyira ndi bambo ake pomwalira. Ndiyo inkamudyetsa, ndiyo inkamuveka. Filimu ankamutengera mlongo wake woyendetsa thiraki ya ku Joni. Zithunzi ankatsuka yekha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake, kamene anakatseka mazenera ndi makatoni. Mmenemo munkakhala usiku ngakhale kunja dzuwa lili paliwombo. Munali mabeseni a mankhwala, beseni la madzi otsukuluzira, chingwe choyanikapo zithunzi, ndi kababu kofiira kolumikiza ku batire ya galimoto. Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera basi. Anthu ankati ndi zithunzi za pamaliro, koma ankabwerabe.

Chimene Esimi ankakonda kujambula ndi ana, koma ankawajambula mwa njira yake. Pa Thawale mwana akamajambulidwa amayamba wasamba, n'kudzozedwa mafuta mpaka chipumi kuwala ngati sefuliya yatsopano, n'kuvekedwa malaya a Lamulungu, kenako n'kuimikidwa pakhoma manja ali m'mbali, maso ali tong'o ngati wagwidwa akuba shuga. Esimi zimenezo ankadana nazo. Ankati ameneyo si mwana, ndi pholo la magetsi. Iye ankafika pamene ana akusewera, n'kukhala pansi, n'kuyamba kusenda mtedza kamera ili m'chitenje. Ana ankamuyang'ana, n'kutopa naye, n'kumuiwala. Akangomuiwala m'pamene kamera inkatuluka. Sankati imani, sankati sekani, sankanena kalikonse.

Chaka chimenecho amai a pa Thawale anaumba njerwa n'kumanga sukulu ya mkombaphala. Anagwirizana kuti pa tsiku lotsegulira, makoma adzakhale ndi zithunzi za ana awo. Wapampando wa komiti anali Nasibeko, mai wogulitsa zitumbuwa pa depoti, wamanja aakulu, amene akakalipira nkhuku zake, ndi za anthu ena zomwe zinkalowa m'khola. Amuna ake anali a Katsache, okonza njinga.

"Mutiuze tsiku, achemwali, tiwasambitse," anatero Nasibeko.

"Ndikakuuzani tsiku ndijambula sopo, osati ana."

"Mwana sajambulidwa asanasambe. Chithunzi chimakhalitsa. Mukufuna adzukulu athu adzati pa Thawale panalibe mjigo?"

"Adzati agogo awo anali ana ngati ana ena onse."

"Mamina ali pamlomo?"

"Ngati alipo, alipo."

Amai ena a m'komiti anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunapatsa Esimi ntchitoyo. Nasibeko sanaseke. Anangomangitsa chitenje chake n'kunena kuti adzaona.

Esimi anayamba. M'mawa uliwonse ankakhala patsinde pa mtengo wa mango wa pabwalo la sukuluyo, mtedza uli pamiyendo. Anajambula atsikana akusewera phada, lilime lili panja. Anajambula anyamata akulimbirana galimoto ya mawaya. Anajambula Sitelia, chitsirizira cha Nasibeko, akunyambita phala pachigongono, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kuti linafikapo bwanji. Ntchito inkayenda.

Zachilendo zinayamba ndi sopo. Kwa Nasibeko sopo anasowa m'bafa. Kunyumba ina kunasowa chipeso, kwina chinkhupule. Anthu anati ndi makoswe. Makoswe amadyadi sopo, koma chipeso akapesa nacho chiyani? Kenako Nasibeko anapeza botolo lake la mafuta odzola lili chotsekula, m'kati muli timizere ta zala.

"Bambo a Sitelia, mwayambanso kudzoza matcheni a njinga mafuta anga?"

A Katsache anaonetsa zala zawo. Zinali zonenepa ngati chinangwa, zosalowa n'komwe m'botolomo. Nasibeko anaziyang'ana n'kunena kuti munthu akafuna kuba, chala chimachepa.

Kwa Esimi kunali zina. Akalowa m'kachipinda kake n'kutseka chitseko, ankamva madzi akulira kumbuyo kwake m'beseni lotsukuluzira, pang'onopang'ono, ngati munthu akusamba m'manja koma sakufuna kuti ena amve. Akatembenuka, madzi ankangogwedezeka okha m'kuwala kofiirako. Iye anati ndi chule. Anafufuza pansi pa tebulo, chule panalibe. M'mawa ankapeza madzi amene anawasiya oyera atasanduka a matope, ndipo pansi pa beseni pali mchenga.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, akuchokera kumsika waukulu, anakwera kabaza wa mnyamata wina wachilendo, amene sanamuonepo kale pamsewuwo. Pa chitunda cha ku chigayo mnyamatayo anayamba kupuma mwa befu, kenako anati:

"Mai, mwanayo mumugwire bwino, akundikoka shati."

"Mwana uti?"

Mnyamatayo anacheuka. Anayang'ana Esimi, anayang'ana kampata ka pakati pa iye ndi Esimi, anayang'ananso kutsogolo.

"Palibe kanthu, mai."

Kuyambira pamenepo anapalasa ngati chitunda chija chasanduka chotsetsereka. Atamutsitsa sanadikire ngakhale zikomo.

Esimi sanali munthu woganizira zinthu zopanda ntchito. Anali ndi filimu yoti atsuke. Mawa lake masana anadzitsekera m'kachipinda muja, n'kuviika pepala loyamba m'mankhwala. Amene sanaonepo chithunzi chikubadwa adziwe kuti chimatuluka pang'onopang'ono, ngati munthu akuvuuka m'madzi a chithaphwi. Anayamba kuoneka Sitelia ndi chigongono chake. Kenako mtengo wa mango. Kenako mpanda. Ndipo pafupi ndi mpandawo panali mwana wina ataima njo, manja ali m'mbali, mapazi ali pamodzi, akuyang'ana kamera.

Anavala shati ya munthu wamkulu yofika m'maondo, moti sukanadziwa ngati ndi mtsikana kapena mnyamata. Miyendo inali yotuwa mbuu. Nkhope sinkaoneka bwino, ngati ya munthu amene waima kuseri kwa fumbi la m'chigayo. Chimene chinkaoneka bwinobwino ndi makutu. Anali aakulu, otambalala, loyang'ana kum'mawa ndi loyang'ana kumadzulo.

Esimi sanachite mantha. Anapsa mtima.

"Mwana wa yani uyu wandiwonongera filimu?"

Anaviika pepala lina. Atsikana a phada, ndipo kumbuyo kwawo yemwe uja, njo. Lina, anyamata a galimoto, ndipo yemwe uja, njo. Chingwe chonse chinadzaza zithunzi, ndipo m'chilichonse ana onse anali kuthamanga, kuseka, kulira, kukankhana, kupatula mmodzi yekhayo amene anaima ngati wauzidwa kuti akasuntha amenyedwa. Kumbuyo kwa Esimi madzi analira m'beseni. Sanatembenuke. Anangotsekula chitseko n'kutuluka panja, n'kukaima padzuwa kwa kanthawi ndithu.

Anatenga sizasi n'kudula m'mphepete mwa zithunzizo. Zina zinatheka. Anabwereranso kusukulu ndi filimu ina, ndipo ulendo uno asanajambule ankayamba wayang'ana bwalo lonse, kumpanda, kuseri kwa mtengo, pakhomo la khitchini. Mwana wa shati panalibe. Anajambula. Atatsuka, mwanayo anali atachoka kumpanda kuja. Tsopano anali pakati penipeni pa anzake, phewa lake likukhudzana ndi la Sitelia, pamalo poti sizasi singadutse popanda kudula mwana wa munthu.

Komiti sinadikire kuitanidwa. Inabwera yokha kudzaona zithunzi, Nasibeko ali patsogolo. Esimi anaziyala pamphasa pakhonde, kamera ili pambali pake. Amai anayamba kuseka, aliyense kuloza wake. Ngakhale amene ankati ndi zithunzi za pamaliro anagwira pakamwa poona mmene ana awo amaonekera makolo akakhala kulibe. Kenako kuseka kunayamba kuchepa.

"Uyu ndi wa yani?"

"Si wanga."

"Wanga alibe shati yotere."

"Kwathu kulibe makutu amenewa."

Pa Thawale ponse makutu otere anali a munthu mmodzi. Anthu ankati a Katsache akamatsika chitunda cha ku chigayo safuna mabuleki, makutu okha amakwanira. Ndipo pachithunzipo, pafupi ndi mwana wachilendoyo, panali Sitelia ndi makutu a bambo ake, ngati waikidwapo dala kuti anthu ayerekeze bwino.

Amai onse anapeza choyang'ana. Wina anayang'ana denga, wina zikhadabo zake. Nasibeko ananyamula chithunzicho, n'kuchiyandikiza kumaso, n'kuchitalikitsa.

"Mai ake ndani?"

"Sindikumudziwa mwanayu, a Nasibeko. Pojambula panalibe."

"Panalibe, koma kamera yamuona."

"Ndi zimene zikundizunguza mutu."

"Ine mutu wanga sukuzungulira. Mwanayu amuna anga amabwera naye kwa inu mobisa kuti mumujambule limodzi ndi m'bale wake. Mwina ndinu nomwe mai ake."

"Ine ndi a Katsache? Muziopa Mulungu."

"Bwanji, ali ndi chiyani amuna anga?"

Esimi anaona kuti funso limeneli lilibe yankho labwino, ndipo ali m'kati moganiza, Nasibeko anawerama n'kutola kamera ija. Anaikulunga m'chitenje n'kuibereka kumsana ngati khanda.

"Mundionetse mwanayu ndi maso angawa lisanafike tsiku lotsegulira. Mukapanda kutero, chimbudzi cha kusukulu n'chatsopano ndipo n'chakuya. Ndinayang'anira ndekha pokumba."

Anapita, lamba wa kamera akulendewera kumbuyo. Esimi anatsala pamphasa manja ali lende. Kamera ngati imeneyo sigulitsidwanso pena paliponse, ndipo ngakhale ikanagulitsidwa, sikanakhala ya bambo ake.

Madzulo ake kunabwera a Katsache, atavala chipewa cha ubweya chophimba makutu ngakhale kunali kotentha.

"Achemwali, ndagona panja kale maulendo ambiri, koma ndinkadziwa chimene ndalakwa. Ulendo uno sindikudziwa."

"Mwanayu si wanu?"

"Ndikulumbira pa njinga zonse za anthu zili kwathu." Anakanda chipewa. "Kodi simungawachepetseko pang'ono makutuwo? Pachithunzipo."

"Ine ndimajambula zimene zilipo, bambo."

"Ndiye mwajambula bwanji zimene palibe?"

Esimi anawapatsa madzi akumwa, ndipo atamwa anapita.

M'mawa mwake anapita kusukulu chimanjamanja, ali ndi chithunzi chimodzi chokha m'chitenje. Anakhala patsinde pa mango paja. Popeza analibe kamera, sanafunenso kuti ana amuiwale. Anaitana Sitelia.

"Iwe, uyu ukumudziwa?"

Sitelia anayang'ana chithunzicho, chala chili m'mphuno.

"Eya. Ndi uja sasewera."

"Dzina lake ndani?"

"Sanena."

"Amakhala kuti?"

Sitelia analoza ndi mlomo kumpanda, kupitirira mpanda, kumene kunali tchire ndi mitengo ya masuku, kopanda nyumba.

"Nanga bwanji sasewera?"

"Akudikira mumujambule."

"Ndamujambula kale, si uyu apa?"

Sitelia anamuyang'ana ngati munthu wamkulu wanena zopusa.

"Akuti zimenezo si zojambula. Sanasambe."

Esimi anafunsa motsitsa mawu:

"Ndiye bwanji osasamba?"

"Amayesa. Koma satha. Alibe womusambitsa." Sitelia anachotsa chala m'mphuno n'kuloza pafupi ndi bondo la Esimi. "Akuti sopo adzabweza."

Esimi sanayang'ane pabondopo. Anaimirira bwinobwino, anakonza chitenje, n'kuyenda ulendo wa munthu amene sakuthawa mpaka anatuluka pageti. Kuchokera pageti kukafika pa depoti, amene anamuona amati anathamanga.

Anapeza Nasibeko akukazinga zitumbuwa, kamera ili kumsana.

"Mubwere kusukulu ana akaweruka. Mwanayo mudzamuona. Koma mubwere ndi beseni, madzi ofunda, chinkhupule ndi mafuta."

"Za chiyani?"

"Ndi wamanyazi. Akuti satuluka asanasambe."

"Mai ake alibe manja?"

"Mudzawafunsa nokha."

Nasibeko anaganiza. Mwayi woonetsa mkazi mnzake mmene mwana amasambitsidwira, anthu akuona, sakanausiya upite.

Anafika dzuwa litatsala pang'ono kukhudza mitengo ya masuku ija. Kutsogolo kunali Nasibeko, kumbuyo a Katsache atasenza ndowa ya madzi ofunda, ndipo kumbuyo kwawo amai a komiti, amene aliyense anati wangodutsa. Esimi anaika beseni pansi pa mango, anathiramo madzi, anaika sopo pamwala, n'kuika kampando ka ana pakhoma loyera la sukulu.

"Ali kuti?" anafunsa Nasibeko.

Pa moyo wake wonse Esimi sanaitanepo mwana kuti abwere kudzajambulidwa. Anayang'ana kumpanda n'kunena ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire:

"Bwera, mwanawe. Madzi ndi awa. Ukasamba ndikujambula bwinobwino."

Panalibe chinachitika. Mbuzi inalira kutali. Mai wina anayamba kuseka, ndipo Nasibeko anayamba kumasula mfundo ya chitenje cha kumsana, maso ali kuchimbudzi.

Ndiye madzi a m'beseni anakwera. Anakwera pang'ono chabe, monga amachitira munthu akapondamo. Anakweranso kachiwiri. Kuchokera pakati pa beseni, utoto wa dothi unayamba kufalikira m'madzimo.

Mai woseka uja anasiya. A Katsache anaika ndowa pansi mwaulemu n'kuyamba kubwerera chambuyo, koma Nasibeko anawagwira lamba wa buluku osawayang'ana n'komwe. Amai a komiti anaunjikana pamodzi ngati anapiye. Wina anayamba nyimbo ya kutchalitchi, koma anaiwala mawu pamzere woyamba.

Sopo anatsetsereka pamwala n'kugwera m'madzi. Anavuuka, anaterereka, anagwanso. Madzi anayamba kuthovoka pang'onopang'ono, malo amodzimodzi, cha kutsogolo, pamene pangakhale mimba ya mwana. Thovu linkaoneka m'malere, kachigamba kakang'ono, n'kutsika, n'kubweranso pomwepo. Pamimba, pamimba, pamimba pokhapokha.

Esimi ankayang'ana Nasibeko. Nkhope ya maiyo inali itatuwa. Koma pamene kusambako kunkapitirira, china chinayamba kulowa pankhopepo, chimene Esimi anachionapo kale pamene wina anakazinga zitumbuwa m'mafuta osatentha Nasibeko akuona.

"M'khosi," anatero Nasibeko chapansipansi.

Thovu linapitirira pamimba.

"Iwe, ndati m'khosi. Mimbayo yayera kale."

Sopo anagwanso m'madzi.

"Ukungotha sopo. Ndani anakuphunzitsa kusamba chonchi?" Anasiya lamba wa amuna ake, anakwinya manja a bulauzi. "Taima. Bweretsa kuno."

Anagwada pabeseni, kamera ili kumsana, n'kutenga chinkhupule. Dzanja lake lamanzere linapita m'malere n'kugwira chinthu, pamsinkhu wa phewa la mwana. Anaima kaye. Amene anali pafupi amati anatseka maso n'kunena kuti, "Kuzizira kwakeko." Kenako anayamba kukwecha.

Anakwecha mmene ankakwechera ana ake, mopanda chisoni. Khosi, m'khwapa, msana, maondo. "Kweza dzanja. Linalo. Usandithawe, ndikukuona." Sankamuona, koma manja ake ankadziwa pamene mwana amathawira. Madzi anada bii. Anawataya, a Katsache anathiramo ena mwamantha mpaka theka linapita pansi. Anadanso. Atafika kuseri kwa makutu, Nasibeko anachedwa. Anakolopola ndi chala, ndipo m'madzi munagwa zibuma za dothi louma, zolimba ngati za pachulu, china kenako china.

"Mai ako akanakhala pano ndikanawauza mawu," anatero. Koma anawanena mofatsa, ndipo chinkhupule chinayamba kuyenda pang'onopang'ono.

Atatha anavula mpango wa kumutu n'kupukuta. Mpango unazungulira kanthu kakang'ono, koonda, kamene kankanjenjemera. Esimi anayang'ana kumbali. Nasibeko anatapa mafuta, n'kuwapaka m'manja, n'kuwadzoza m'malere, ndipo manja anabwerako ouma.

"Pita ukakhale apo. Usaponde fumbi."

Pa dothi panaoneka timapazi tonyowa, tolunjika kukampando kaja. Kampando kanalira pang'ono.

Nasibeko anamasula kamera n'kupatsa Esimi, koma lamba anamukulunga padzanja lake, moti awiriwo anaima mophatikizana ngati ng'ombe za pangolo. Esimi anayang'ana m'kamera. Munali khoma loyera, kampando kopanda munthu, ndi mpanda chakumbali. Zala zake zinkafuna kudikira, monga mwa chizolowezi, kuti wojambulidwayo aiwale. Koma uyu sanabwere kudzaiwala.

"Khala bwino," anatero Esimi, mawu akumuwawa pakhosi ngati mankhwala a malungo. "Dzutsa mutu. Yang'ana kuno. Usasunthe."

Kamera inalira.

"Basi, watha."

Kampando kanaliranso. Kamphepo kanadutsa pakati pa amai aja, konunkhira sopo, ndipo mai wa nyimbo uja anakhala pansi mosafuna.

"Sindinamuonebe," anatero Nasibeko, akukoka lamba. "Ndamugwira, koma sindinamuone. Ndinati ndi maso angawa."

Choncho m'mawa mwake analowa onse awiri m'kachipinda kamdima, Nasibeko kamera ili m'manja. A Katsache anauzidwa kuti adikire pakhomo, pamene mkazi wawo angamve akasuntha. M'beseni lotsukuluzira madzi anali phee, oyera mmene Esimi anawasiyira. Esimi anaviika pepala m'mankhwala n'kuyamba kugwedeza beseni.

Kanayamba kampando. Kenako timiyendo, takuda bwino, towala. Kenako shati ija. Kenako nkhope. Za nkhopeyo musandifunse, chifukwa awiriwo sanauzepo munthu. Chimene chimadziwika n'chakuti chipumi chinkawala, ndipo Esimi, amene ankanyoza zipumi zowala moyo wake wonse, anapukuta m'maso ndi chitenje n'kunena kuti mankhwalawo amalowa m'maso.

Nasibeko anaweramira pabeseni.

"Makutu," anatero.

Makutu anali atagona bwinobwino m'mbali mwa mutu, ang'onoang'ono, ngati a mwana wina aliyense. Chimene chinkawatambalitsa chinali dothi lija.

"Si a kwa Katsache awa. A kwa Katsache ungakweche mpaka chinkhupule kutha, sagona." Anakweza mawu kuloza kuchitseko. "Bambo a Sitelia, mwapulumuka."

"Zikomo, mai," anayankha mawu kunja. "Ndingavule chipewa?"

Esimi anatambasula dzanja kuti alandire kamera yake. Koma Nasibeko sankamuyang'ana. Ankayang'anabe m'beseni, mmene pepala linali lisanathe kuda. Mbali ya kumpanda inali ikutuluka tsopano, pang'onopang'ono.

Pampandapo panali mwana wina. Anaima njo, manja ali m'mbali, miyendo yotuwa mbuu. Kumbuyo kwake kunali wina wamfupi, atavala thumba loboola pakhosi. Kumbuyo kwa ameneyo wina, atabereka kamng'ono kake. Anandanda bwinobwino motsatira mpanda, popanda kukankhana, aliyense akuyang'ana kamera, ndipo woyambirira anali atagwira chipeso.

M'kachipindamo munangomveka kupuma kwa anthu awiri. Kenako, kumbuyo kwawo, madzi a m'beseni lotsukuluzira analira kamodzi, mwaulemu, ngati munthu akugogoda.

Nasibeko anaongoka. Anamasula lamba padzanja lake n'kukoleka kamera m'khosi mwa Esimi, n'kuikonza kuti ikhale bwino pachifuwa.

"Muisamale. Filimu yatsala?"

"Pang'ono."

"Muwauze alongo anu abwere nayo yambiri." Anatsekula chitseko, kuwala kunalowa, ndipo a Katsache anaoneka chipewa chili m'manja, makutu akuwomba mphepo. "Inu, musaime ngati mulibe ntchito. Kamangeni zigubu panjinga, mupite kumjigo."

"Zigubu zingati, mai?"

Nasibeko anacheukira chithunzi chija. Mzere wa ana unafika m'mphepete mwa pepala, ndipo pamphepete penipenipo pankaoneka phewa la wina amene sanakwanemo.

"Zonse," anatero. "Mubwerekenso za anthu."